Mbaula ya Nkhuni Ikhale Pomwe Pali Anthu

M'chigawo cha Quebec ku Canada, nyumba zambiri zili ndi chipinda chachikulu chokumbidwa pansi, chimene makoma ake a konkire amagundana ndi dothi. Kumeneku n'kumene eni nyumba ambiri amafuna kuikako mbaula ya nkhuni yoti izifunditsa nyumba yonse m'nyengo yachisanu. Iwo amati popeza mpweya wotentha umakwera m'mwamba, moto wosonkhedwa pansi ufikira zipinda zonse. Ine ndikuona kuti ganizoli n'loperewera. Munthu amene akufunsa kuti agule mbaula iti wadumpha funso loyamba, loti mbaulayo ikhale pati.

Kufuna mbaula pakokha n'komveka. Mu Januwale 1998, mvula imene inkaundana ikangogwa inathyola nsanja ndi mawaya a magetsi, ndipo mabanja oposa miliyoni imodzi anakhala mumdima, ena kwa milungu ingapo. Pajatu nyumba zambiri kumeneko zimafunditsidwa ndi magetsi. Amene anali ndi mbaula ndi mulu wa nkhuni anatha kugona kwawo pamene anzawo ambiri ankakabisala m'masukulu ndi m'maholo.

Vuto loyamba la chipinda chapansi ndi makoma aja. Konkire wosakutidwa ndi zotchinga kutentha amamwa kutentha monga mchenga umwera madzi, n'kukupatsira dothi lakunja. Mwini nyumba amawaza nkhuni, kuzisenza ndi kuzisonkha, koma gawo lina la thukuta lake limangofunditsa nthaka. Kutentha kotsalako kumayenera kupanikizana pakhomo limodzi la masitepe, pomwenso mpweya wozizira wam'mwamba ukufuna kutsikira. Mapeto ake pansi pamatentha moti munthu n'kuvula malaya, pamene ana kuchipinda chogona afunda mabulangeti awiri.

Lachiwiri, lomwe kwa ine n'loopsa kwambiri, ndi utsi. Kunja kukazizira, nyumba yofunda imasanduka chumuni payokha. Mpweya umathawira kudenga, ndiye chipinda chapansi chimakoka wina kuchokera kulikonse kumene kuli mpata, ngakhale m'chumuni cha mbaula yomweyo. Chumunicho chikakhala chodutsa kunja kwa khoma chimazizira msanga n'kusiya kukoka, ndipo utsi umabwerera m'nyumba poyatsa moto kapena makala akamazilala. Utsi umaoneka ndipo umatsokomoletsa, koma mpweya wa carbon monoxide ulibe mtundu kapena fungo. Nanga makala amazilala nthawi yanji? Usiku, anthu onse ali mtulo pamwamba pake.

Pofuna kugonjetsa mavutowa, ambiri amangogula chimbaula chachikulu. Chipinda chikatenthetsa amatseka polowera mpweya, moto n'kumangonyeka. Moto wonyeka umasiya mwaye wonata ngati phula m'chumuni, ndipo mwaye umenewu ukachuluka umayaka. Moto woti uli kutali ndi maso suyang'aniridwanso bwino, chifukwa palibe amene amakonda kutsika masitepe kakhumi patsiku.

Otsutsa adzanena kuti pansi pali malo, ndipo phulusa ndi makungwa sizidetsa pabalaza. N'zoona, koma tsache n'lotchipa kuposa nkhuni. Ndikuvomereza chinthu chimodzi chokha: ngati banja limachezadi m'chipinda chapansicho, mbaula ikhoza kukhala kumeneko. Ikatero, ndalama zoyamba zipite ku zokutira makoma, chumuni chidutse m'kati mwa nyumba mpaka kudenga, ndipo kukula kwa mbaula kulingane ndi chipindacho, osati ndi nyumba yonse.

Posankha mtundu wake, lamulo lathandiza kale. Kuyambira mu Okutobala 2018, mzinda wa Montreal suloleza kuyatsa mbaula yotulutsa tizidutswa ta utsi toposa magalamu 2.5 pa ola, pokhapokha magetsi atazima kwa maola oposa atatu. Mbaula zovomerezekazi zimatenthanso utsi womwe usanatuluke, motero zimadya nkhuni zochepa. Komabe sizichita zozizwitsa ndi nkhuni zaziwisi. Mitengo yolimba monga maple iyenera kuwazidwa ndi kuyanikidwa kwa chaka kapena kuposerapo, mpaka madzi ake atatsika kufika pa 20 peresenti. Ndipo kaya mbaula ili pansi kaya pabalaza, kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide kapachikidwe pafupi ndi zipinda zogona moto woyamba usanayatsidwe.