Bond si K100 yochinja pa kantemba

Masiku ano mu minibasi ya ku Matero simungalephele kumva wina akuzitama ati "ine zanga zili mu ma bond." Ba village banking nawo afuna kungenamo. Si zoipa. Koma musanatenge ndalama ya chilimba, mvelani: bond si K100 yamene mupatsa kondakita, iye nakubwezelani chenji.

Mukagula bond, mwakongoza boma. Igulitsa ni Bank of Zambia, ndipo K1,000 chabe ikwana kuyambila. Mufunika NRC, TPIN ya ku ZRA na akaunti ya ku banki. Aliko ma bond a zaka 2, 3, 5, 7, 10 na 15. Phindu ibwela pa miyezi 6 iliyonse, msonkho atachotsako, koma ndalama yamene munaikamo ibwela tsiku yamene bond yakhwima.

Apa ndiye pamene ambili alilila. Mwaika K5,000 pa zaka 5. Mwezi wachitatu landilodi ku Chawama wakweza lendi, olo kwagwa malilo ku Petauke. Simungapite pa Cairo Road ati "niphwanyileniko, nitengeko K700 ya basi." Njila ni kugulitsa bond kwa munthu wina, kupitila ku banki kapena broker wa ku LuSE, ndipo mtengo ni wa msika wa tsiku ija. Ngati ma bond atsopano alipila phindu yaikulu kupambana yanu, wogula azakupatsani zochepa. Nayenso si mbale wanu.

So chenji muzipangila mweka pogula. Kuli ma treasury bill a masiku 91, 182, 273 na 364, nawo ayambila pa K1,000. Pa K5,000 ija, K2,000 ingayende pa masiku 91, yotsala pa zaka 2. Kapito ya salaula kapena ya buthi ya mobile money, ine niti osaigwila n'komwe, ija ifunika kuzungulila.

Ena ati boma siingalephele kulipila. Mu November 2020 Zambia inalephela pa Eurobond, ndipo mu 2024 eni ake anawachinjila ma bond ena oyembekeza zaka zambili. Ma bond a kwacha sanawaikemo mu kukonza nkhongole kuja, nizoona. Koma mukalibe kusaina ya zaka 15, funsani amai kunyumba kuti saka ya bulekifasti inali zingati mu 2015.