TIZIWERENGA NYAMA ZA M'TCHIRE MWATHU

Mwini ng'ombe satseka khola madzulo asanawerenge ziweto zake. Koma kodi ndani amawerenga agwape, nungu, nkhanga ndi ngaka za m'nkhalango ya Tsamba kapena m'mbali mwa Lisungwi? Palibe. Motero nyama zikutha mwakachetechete, monga umo mitengo ikuthera m'matumba a makala amene timawaona pa Zalewa.

Phunziro lili pafupi. Mtsinje wa Wamkulumadzi ukachoka kuno ku Neno umakalowa m'nkhalango ya Majete. Kumeneko njovu zinaphedwa zonse, ndipo bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowo mu 2003, linachita kukatenga nyama kwina: zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Majete anapeza womuombola. Nanga tchire la kwathu, lopanda mpanda ndi alonda okwanira, adzalibwezere nyama ndani? Madzi akatayika saoleka.

Kuwerenga nyama si ntchito ya akatswiri okha ayi. Ku America anthu wamba akhala akuwerenga mbalame nyengo ya Khirisimasi kuyambira 1900. Kuno kwathu mamembala a Wildlife and Environmental Society of Malawi akhala akudzipereka kukawerenga nyama pa zitsime za ku Lengwe. Bungwe lomweli linagwirapo ntchito ndi anthu a kwa Kam'mwamba, nawaonetsa kuti malambe, bwemba ndi njuchi zingabweretse ndalama mtengo uli chiimire.

Ife aphunzitsi tikuti ntchitoyi iyambire m'sukulu. Sukulu iliyonse ikhale ndi kope limodzi. Mwana akaona nyama, mapazi ake kapena msampha, alembe tsiku, malo ndi chiwerengero. Abusa a ng'ombe ndi amayi otola nkhuni afotokoze zimene aona. Agogo atchule nyama zimene zinalipo kale. Ali ndi foni atumize chithunzi pa iNaturalist, koma malo a ngaka asalengezedwe poyera, pakuti ogulitsa nyamayi nawonso ali ndi makutu.

Pakutha pa chaka kopelo liwerengedwe pamaso pa mafumu ndi alangizi a zankhalango. Pamenepo mudzi udzadziwa ngati nkhanga zachepa chifukwa cha moto wolusa kapena misampha, nupangana chochita nthawi ikadalipo.

Kope ndi pensulo n'zotsika mtengo. Tiyambe chaka chino.