Jeke ndi yonyamulila motoka, si yogonela pansi pake

Inu amene mumakhala m'mbali mwa mseu wa Great East Road, kucokela pa mlatho wa Luangwa, kudutsa Kacholola ndi Nyimba mpaka pa mphambano ya ku Petauke, mwaziona motoka zija za alendo zimene zili ngati nyumba zoyenda. Mkati mwake muli bedi, citofu, madzi ndi filiji. Eni ake amazicha motorhome. Zambili zimadutsa m'cilimwe pa ulendo wa ku Mfuwe kukaona nyama, zina kupita ku Malawi kudzela pa Mwami. Ife alimi sitidzagula motoka yotele ngakhale cimanga citacita bwanji, koma kunsi kwake kuli cinthu cimene ndifuna tikambilane lelo, pakuti cikhudza ana athu amene amayenda ndi malole.

Motoka zimenezi zimakhala ndi miyendo ya citsulo imene imatsitsidwa pansi mwini akafika pogona. Miyendoyo ili mitundu iwili, ndipo mlendo amene waisokoneza amalila ndalama. Ina, imene m'Cingelezi amati leveling jacks, ndi majeke enieni. Nchito yake ndi kukweza mbali imene yatsika kuti motoka ikhale yolingana ngakhale malo ali opendekeka. Si kunyada ai. Mafiliji ambili a m'motoka zotele amayendela gasi monga aja a palafini amene akulu-akulu akukumbukila pa mishoni ndi m'zipatala za kumidzi, ndipo filiji yotele ikagwila nchito itapendekeka imaonongeka. Miyendo ina, ma stabilizer, ndi yopepuka. Imangogwilila m'makona kuti nyumbayo isagwedezeke munthu akamayenda mkati. Ukafuna kunyamulila nayo motoka, imapindika.

Tsono mvelani ici. Ngakhale majeke amphamvu aja, okwela mtengo, amene amatsika mwini atangodina batani, opanga ake amacenjeza m'mabuku ao kuti munthu asalowe pansi pa motoka imene yangokhalila pa iwo okha. Ayenela kuyamba waika cocilikiza cina colimba. Conyamula ndi cina, cogwilila kuti pasagwedezeke ndi cina, ndipo cosunga moyo wa munthu amene ali kunsi ndi cinanso.

Nanga ife timacita bwanji? Ikafika nyengo yogulitsa mbeu, Canter imacoka kumudzi ndi matumba 60 a cimanga kupita ku depo ya FRA. Thumba lililonse ndi makilogilamu 50, ndiye kuti matani 3, osawelengela eni cimanga amene akhala pamwamba. Tayala likaphulika panjila, kapena sipuling'i ikathyoka, dalaivala amatulutsa kajeke kamodzi ka mafuta, n'kukaika pa dothi, mwina pa mwala umene wapezeka pafupi. Motoka ikakwela, mnyamata wa pa lole amakwawila pansi ndi sipanala m'manja. Ena aimilila pambali kuseka nkhani za mpila, ana akutsamila bodi. Tonse taziona izi, ndipo tinazolowela kotelo kuti munthu wodandaula amaoneka ngati wamantha.

Ndi anthu angati amadziwa cimene cimagwila katundu yense uja pa nthawi imeneyo? Mkati mwa jeke muli mafuta, kamphila kochinga mafutawo kuti asathawe, ndi kavavu kakang'ono. Basi. Kamphila kakakalamba, jeke imatsika yokha pang'onopang'ono osamveka, ndipo wina akakhudza kavavu mosadziwa imatsika kamodzi. Mutu wake sufika ndi cikhatho ca mwana, phazi lakenso ndi laling'ono, conco pa mcenga kapena pa dothi la mvula imamila mbali imodzi n'kupendama. Pa mseu waukulu pali vuto lina. Basi kapena thilaki ikadutsa mothamanga, mphepo yake imagwedeza motoka yoima, ndipo kugwedezeka pang'ono kokha n'kokwanila kuti citsulo citeleleke pa citsulo cinzake.

Wina adzati, koma ndakoka handibuleki. Apa ndi pamene ambili amanyengeka. Pa malole ang'ono ambili, ndiponso pa Land Rover zakale zija za ku mishoni, handibuleki sigwila mawilo enieni. Imagwila shafiti imene imapeleka mphamvu ku difu. Mukakweza wilo limodzi la kumbuyo n'kulicotsa pa dothi, difu imalola wilo la m'mwambalo kuzungulila mobwelela pamene linzake likugubuduka, ndipo motoka imayenda handibuleki ili cikokele. Pa zitunda za pakati pa Luangwa ndi Nyimba, pamene malo osalala ndi osowa, cimeneci si cinthu coseka naco. Cimene cimaimitsa motoka ndi mphanda ya mtengo kapena mwala waukulu woikidwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawilo amene atsala pansi.

Za njelwa ndiye ndisanene zambili. Njelwa yoocha ndi buloko ya simenti zimalimba m'cipupa cifukwa kulemela kumagawanika ponseponse. Zikapanikizidwa ndi citsulo pa malo amodzi zimasweka mwadzidzidzi, popanda cenjezo lililonse. Mtengo ndiye wacifundo, umayamba walila usanagonje. Cipika cacikulu ca mupani, coduladula bwino kuti cikhale pansi mosagubuduka, cimaposa mulu wa njelwa khumi, ndipo mupani sitikaitanitsa ku Japan.

Ndidziwa zimene eni motoka adzayankha. Adzati mafuta akwela, matayala akwela, za ku RTSA nazo zifuna ndalama, tsono masitandi a citsulo tigula ndi ciani? Adzatinso akhala pa mseu zaka makumi awili osaona ngozi yotele. Ndikuwamva, ndipo pa masitandi ali ndi mfundo. Sitandi yoocheledwa mwacangu pa msika ndi zitsulo zopyapyala ikhoza kukhala yoopsa kuposa kusakhala nayo, pakuti imapatsa munthu cidalilo cabodza. Koma zipika ziwili, thabwa lokhuthala loika pansi pa jeke ndi mphanda zinai za mawilo sizifika ndi mtengo wa thumba limodzi la feteleza. Ndipo tinene zoona, amene akuti sanaonepo ngozi si amene amakwawila kunsi. Amene amalowa ndi mphwao, kapena mwana wa aneba amene anasiya sukulu mu Giledi 9, wolipidwa nsima ya pa Nyimba ndi kandalama ka sopo. Lole ikamugwela pacifuwa pa mseu wa kumudzi, cipatala ca Minga kapena ca ku boma cimakhala kutali, ndipo motoka yoti imutengele kumeneko ndi yomweyo imene yamugwela.

N'cifukwa cake pempho langa likupita kwa inu amene mumacita hayala motoka zimenezi. Inu a komiti ya kopaletivu potenga feteleza wa FISP, inu a bungwe la parishi potumiza kwaya kapena amai a cigwilizano ku msonkhano, inu a Mphakati pokonza motoka ya malilo, mphamvu ili m'manja mwanu pakuti ndalama ndi zanu. Mumafunsa kale mtengo, mumafunsa ngati dalaivala samwa. Onjezelani funso limodzi musanakweze thumba loyamba kapena munthu woyamba: Bambo, tionetseni jeke, thabwa, zipika ndi mphanda. Ngati palibe, apite akazitenge. Makomiti atatu kapena anai akacita zimenezi m'dela limodzi, eni malole adzayamba kuyenda nazo okha, monga anaphunzilila kuyenda ndi matilayango poopa apolisi a pa lodibuloko.

Ndipo vuto likagwa panjila, amene ali wamkulu pa ulendowo asacite manyazi kulamula. Anthu onse atsike, aime kutali ndi mseu. Ngati katundu ndi wolemela, ena atsitsidwe, ngakhale anyamata ang'ung'udze. Mawilo achingidwe, manati amasulidwe pang'ono motoka ikali pansi, cifukwa kulimbana ndi nati youma motoka ili m'mwamba ndiko kumaigwetsa. Ikakwela, cipika cilowe pansi pa citsulo colimba ca motoka, ndipo jeke itsitsidwe pang'ono kuti kulemela kukhale pa cipikaco. Pamene palibiletu cipika, tayala la sipeya ligonekedwe kunsi kuti motoka ikagwa ipeze pofikila.

Alimi a ngolo nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Ngolo ya mawilo awili yodzala thonje kapena nshawa, mukamasula ng'ombe pa goli, imangodalila kamtengo kamene mwaimika kutsogolo. Mwana akakwela kumbuyo imabinuka. Ikani cocilikiza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo ana asasewele mu mthunzi wake.

Cotsalila ndi miyala ija timasiya pa tala tikatha kukonza motoka. Wa njinga yamoto amene akubwela usiku ndi wodwala kumbuyo saiona. Musanalize injini, mnyamata aicotse pamodzi ndi nthambi zimene munaika pocenjeza anzanu, aziponye kutali m'thengo.