Lumo Silibwerekanidwa

Mnyamata akamera ndevu nafuna kuphunzira kumeta ndi lumo lopinda lachikale lija, ife akulu tili ndi udindo womulangiza. Lumo lotere, lomwe mizinda ya Sheffield ku England ndi Solingen ku Germany inatchuka nalo, silitayidwa monga lezala. Likabuntha limanoledwa pamwala, ndipo tisanamete timaliwongola pa lamba wachikopa.

Poyamba tifewetse ndevu ndi madzi ofunda ndi thovu la sopo. Dzanja limodzi likoke khungu, linalo lipendeketse lumo pafupifupi madigiri 30, ndi kutsata kumene ndevu zagonera. Lumo lisayende cham'mbali, pakuti likatero limacheka. Wophunzira ayambe ndi masaya okha. Chibwano ndi khosi zidikire kufikira dzanja litazolowera.

Ngakhale asamale chotani, wophunzira sangalephere kudzicheka, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Kachilombo ka matenda otupa chiwindi a mtundu wa B kamatha kukhala ndi moyo masiku 7 m'magazi ouma otsalira pa lumo. Chifukwa chake tisabwerekane lumo, ngakhale bambo ndi mwana wake. Luso tigawane, koma lumo aliyense akhale ndi lake.