Ng'ombe ya alamu ndi sukulu yophunzira kufunsa

Mwana wa mlongo wanga anafika kunyumba Loweruka lapitali nkhope ili ndwii. Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino, ndipo anauza bambo ake kuti ku koleji akufuna akaphunzire za malonda, makamaka kafukufuku wa pamsika. Alamu angawo akuti anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa kuti, "Ndiye ndigulitse ng'ombe yanga kuti iwe ukaphunzire kufunsa anthu sopo amene amasambira?"

Ndinaseka mpaka mtsikanayo anakwiya. Komatu alamu, ngakhale amanyoza, anaifotokoza ntchitoyi molondola. Ndi yofunsadi anthu za sopo. Chimene sanadziwe n'chakuti kufunsako n'kovuta kuposa kuweta ng'ombe.

Ambiri tikamva za maketing'i timaona galimoto ya zokuzira mawu itaima pa Lunzu tsiku la msika, achinyamata ovala malaya ofanana akuvina n'kumagawa zipewa. Amenewo ndi mathero a ntchito. Galimotoyo isananyamuke pamakhala munthu wina, wosavina, amene wayankha kale mafunso: akugula ndani, amagula kangati, ndalama amaipeza tsiku liti, ndipo amene anasiya kugula anathawira kuti. Mayi wa pamsika wa Ndirande amene anayamba kumanga ufa m'timajumbo ta walkman, ndi kuthira mafuta ophikira m'timapepala ta ndiwo za tsiku limodzi, anachita kafukufuku wotereyu wopanda satifiketi. Anaona kuti waganyu amalandira madzulo ndipo amagula za usiku womwewo. Makampani a foni pogulitsa bandulo ya tsiku limodzi amatsata nzeru yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi uja amawadziwa makasitomala ake ndi nkhope, pamene kampani ili ndi anthu mamiliyoni amene sidzawaona. Sukulu imaphunzitsa mmene ungafunsire ochepa n'kudziwa za ambiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndinamufotokozera mtsikanayo zimene zinachitika ku America mu 1936. Magazini ina yotchuka, Literary Digest, inafuna kulosera wopambana pa chisankho cha pulezidenti. Inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anayankha. Itawerenga inalengeza kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt. George Gallup, amene anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewa, anati ayi, apambana Roosevelt. Tsiku litafika Roosevelt anatenga zigawo 46 mwa 48. Magaziniyo maina ambiri inawatenga m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni galimoto, pa nthawi imene dziko linali pa umphawi wadzaoneni. Inafunsa okhuta, n'kuganiza kuti yamva dziko lonse. Komanso amene anadzivutitsa kubweza kalata anali makamaka okwiya ndi boma. Sipanapite zaka ziwiri magaziniyo inatha.

Mphika wa nyemba sulawa wonse. Umatakasa kaye, n'kulawa supuni imodzi. Ukapanda kutakasa, ngakhale utalawa chikombe chodzaza, ungomva zapamwamba. Kuno kwathu cholakwa chomwechi timachichita sabata iliyonse. Wina amaponya funso pa Facebook, anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe n'kuyankha, mawa lake n'kumalengeza kuti Amalawi anena. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 84 amakhala kumudzi. Agogo a ku Nthalire funso lija sanalione.

Nthawi zina anthu umawasankha bwino koma funso n'kuphonya. Mu 1985 kampani ya Coca-Cola inasintha kakomedwe ka chakumwa chake italawitsa anthu pafupifupi 200,000, ambiri n'kunena kuti chatsopanocho chikukoma. Sinawafunse bwino ngati angalole kuti chakalecho chichoke m'sitolo. Anthu analusa, ndipo pasanathe miyezi itatu chakale chija chinabwerera.

Izi zili m'mabuku, ndipo mphunzitsi aliyense adzamuuza. Zimene mabuku ochokera kunja sanena ndi za ife eni ake. Ndili mnyamata ndinagwirapo ganyu yoyenda ndi mafomu m'midzi, ndipo ndinaphunzira kuti Mmalawi sakhumudwitsa mlendo. Umulawitse phala losakoma, akuuza kuti, "Lili bwino ndithu, zikomo." Ukatembenuka amapatsa galu. Mlendo wokhala pampando umene wamupatsa wekha sungamuuze kuti katundu wake ndi wachabechabe. Wofufuza amene amalemba "lili bwino" n'kunyamuka wapita ndi ulemu wa mayiyo, maganizo ake wawasiya pomwepo. Uyenera kufunsa mozungulira: mukanakhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi, mukanatenga ili kapena lija? Munagula liti komaliza? Anzanu amati chiyani za phala limeneli? Pa anzawo paja ndi pamene anthu amanenera zakukhosi kwawo.

Vuto lachiwiri ndi lakuti munthu aliyense wonyamula fomu, kapena tabuleti masiku ano, amaoneka ngati wabwera kudzalemba maina a makuponi a fetereza kapena a Mtukula Pakhomo. Ufotokoze kangati kuti palibe chimene alandire, mbuzi zija zimasanduka za achimwene, wailesi imakhala yowonongeka, njinga ndi yobwereka. Sindiwadzudzula, anaphunzira kuti amene amaoneka wosowa ndi amene amalembedwa. Koma ukabwera nazo ku ofesi nambala zimenezo osaziganizira, udzauza kampani kuti kuderalo kulibe wogula, pamene tsiku la msika malonda akuyenda.

Ndiye pali chinenero. Mafunso ambiri amalembedwa m'Chingerezi mu ofesi, wina n'kuwamasulira usiku umodzi. Amati munthu asankhe pakati pa "ndakhutira kwambiri", "ndakhutira pang'ono" ndi "ndili pakatikati". Ndani amayankhula chonchi pa chitsime? Ngakhale mawu akuti banja amasokoneza: ukafunsa kuti m'banja mwanu mulipo angati, wina awerenga ndi ana amene ali ku Joni. N'chifukwa chake ofufuza amafunsa za anthu odyera mumphika umodzi. Ndinamuuza mtsikanayo kuti Chichewa chake, ndi Chitumbuka chimene anatola kwa agogo ake, asazione ngati zapansi. Pantchito imeneyi ndi chuma.

Kenako ndinamufunsa za masamu, iye n'kuyang'ana pansi. Achinyamata ambiri amathamangira maketing'i pothawa masamu, osadziwa kuti nthambi ya kafukufuku wa pamsikayi ndiyo yodzaza nawo. Muli maphunziro a ziwerengero, kasankhidwe ka anthu ofunsidwa, zachuma, ndi za mmene munthu amaganizira pogula. Adzafunika kudziwa Excel mozama, SPSS kapena Stata, ndi kukonza mafunso pa KoboToolbox kapena CSPro. Kuno kwathu kafukufuku wa pamsika nthawi zambiri amabwera ngati phunziro limodzi mkati mwa digiri ya bizinesi, monga ku MUBAS ku Blantyre, kumene kale tinkati ku Poly. Ena amalowera khomo lina: amaphunzira ziwerengero kapena zachuma ku Zomba, kapena chuma cha zaulimi ku Bunda, n'kudzawonjezera mapepala a Chartered Institute of Marketing pambuyo pake. Kunena mosabisa, amene analowera khomo la masamu ndimawaona akuyenda mofulumira kuposa anzawo.

"Nanga ntchito, amalume, zilipo?"

Zilipo, koma zoyamba zake n'zafumbi. Pafupifupi aliyense amayambira kufilidi, pa kontirakiti ya masabata ochepa, akugona m'maresitihausi, batire la tabuleti likutha dzuwa lili paliwombo. Kumeneko kuli yesero lake. Ukatopa, mtima umakuuza kuti ukhale pansi pa mtengo wa mango n'kudzaza wekha mafomu otsalawo. M'nthawi yathu ena ankapulumuka nazo. Lero tabuleti imalemba malo amene unaima ndi mphindi zimene unatha pa funso lililonse, ndipo dzina likaipa limamveka msanga, poti olemba ntchitowa ndi ochepa ndipo amadziwana. Wopirira amakwera n'kukhala woyang'anira gulu, kenako wosanthula ziwerengero, kenako wolemba malipoti ndi kukaima pamaso pa mabwana. Makampani a foni, mabanki, opanga zakumwa ndi ogulitsa mbewu amafuna anthu otere. Makampani akuluakulu a kafukufuku monga Ipsos, Kantar ndi NielsenIQ ali ndi maofesi ku Johannesburg ndi ku Nairobi. Koma m'dziko muno luso lomweli limadyetsa ambiri kudzera kumabungwe othandiza anthu, amene amafuna woyeza ngati pulojekiti yawo yaphula kanthu, komanso ku National Statistical Office, ku Centre for Social Research ndi ku Institute of Public Opinion and Research, onsewa a ku Zomba. Wofunsa za sopo ndi wofunsa za chisankho zida zawo n'zimodzi.

Chimene sindinamubisire ndi tsiku limene bwana adzafuna nambala yomusangalatsa. Ndinaonapo lipoti likubwezedwa katatu chifukwa linanena kuti makasitomala akudandaula za mtengo, pamene mkuluyo anali atauza kale anzake kuti vuto ndi malonda a pawailesi. Mnyamata amene analilemba anakana kusintha. Sanamuchotse ntchito, koma misonkhano anasiya kumuitana kwa miyezi ingapo.

Ndisanayankhule ndi alamu, ndinamupatsa mtsikanayo ntchito. Akakhale pa kagolosale ka mayi ake kwa sabata imodzi ndi kope, alembe aliyense wolowa, chimene wagula, nthawi yake, ndiponso chimene wafunsa n'kusachipeza. Ndinkaganiza kuti atopa tsiku lachiwiri.

Lachitatu usiku anandiimbira foni. "Amalume, pali vuto. Ambiri obwera kudzagula shuga ndi ana otumidwa. Ndiye kasitomala ndilembe mwanayo, kapena amene wamutuma?"

Ndinamuuza kuti awonjezere mzere wina m'kopemo, alembe onse awiri. Mawa ndikupita kwa alamu kukakamba za ng'ombe ija.