Bampala yosweka: musaimange ndi waya, musathamangirenso yatsopano

Aliyense amene amayendetsa Sienta kapena Probox m'mapiri a ku Dowa ndi Ntchisi amadziwa kuti choyamba kuonongeka ndi bampala. Mukasiya tala pa Mponela, pa Madisi kapena pa Malomo n'kulowa kumidzi kukagula soya ndi mtedza, yakutsogolo imakhula m'zigwembe zimene mvula idakumba. Pobwerako matumba adzaza, galimoto yatsika kumbuyo, ndiye yakumbuyo nayo ikukwecha pa chitunda chilichonse.

Ikang'ambika, ena amaboola mbali zonse ziwiri za mng'aluwo n'kusoka ndi waya. Ena amakwera wa ku Lilongwe kukagula ina. Ine ndikuti onsewa akutaya ndalama. Bampala zambiri zosweka zimakonzeka, ndipo ntchitoyo ingathe kugwirika konkuno.

Tiyambe ndi ogula. Zida za galimoto zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya zida idakwera nayo. Pa mtengo wa pashopu onjezani mafuta a ulendo wa makilomita oposa 50 kuchoka pa Mponela, tsiku lathunthu galimoto isakugwira ntchito, komanso penti, poti mtundu wa yanu simungoupeza. Samalaninso ndi chaka: Sienta idasintha maonekedwe mu 2015, choncho bampala ya yakale siikwana pa yatsopano.

Osoka ndi waya nawo asadzitame. Bowo lililonse limene mwaboola ndi poyambira mng'alu wina, ndipo msewu wafumbi umaukulitsa tsiku ndi tsiku. Bampala yolendewera imadya tayala, ndipo ikathothoka pamtsetse ingagwetse wakabaza amene ali pambuyo panu. Pa roadblock mwawapatsa apolisi poyambira, ndipo tsiku logulitsa galimoto wogula adzaloza wayayo potsitsa mtengo.

Choopsa koposa n'chakuti wosoka ndi waya saona zam'kati. Chimene timachitcha bampala ndi chikuto chabe cha pulasitiki. Kuseri kwake kuli chitsulo chopingasa chimene chimalandira mphamvu pa ngozi, ndipo kuseri kwa chitsulocho kuli rediyeta. Mukagunda mbuzi kapena chitsa, chitsulocho chingapindike kunja kukuoneka bwinobwino. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni imayamba ndi kuchotsa bampala yonse.

Kuchotsako sikufuna zida zambiri: sikuludiraiva ndi sipanala nambala 10 zimakwanira pa Toyota zambiri. Tsegulani boneti, muchotse timapini tapulasitiki ndi mabawuti a pamwamba. Kapini kotere mumayamba mwakweza kamutu ka pakati, kenako konse kamatuluka kosathyoka. Khotetsani matayala kuti mufikire zomangira za m'mphepete mwa madigadi, mumalize ndi za pansi. Kokani ngodya iliyonse pang'onopang'ono, wina atagwira mbali inayo, ndipo musanaitsitse zulani mawaya a magetsi a pansi ngati alipo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: timakutu timene timagwira bampala ku galimoto timathyoka chifukwa cha phuma, ndipo ndi timene timavuta kukonza kuposa mng'alu.

Mukaitembenuza, yang'anani zilembo zodindidwa m'kati. Pa galimoto zambiri za ku Japan mudzapeza PP, kutanthauza polypropylene. Pulasitiki imeneyi imafewa ndi moto n'kuumanso ikazizira, koma imakana guluu. Apa m'pamene ambiri amaluzira ndalama: supa guluu sagwira, ndipo body filler wopakidwa mochindikala pa mng'alu amasweka pa bampu yoyamba chifukwa iye ndi wouma pamene bampala imapindika.

Ngati yangophwanyikira m'kati osang'ambika, thirani madzi owira pamalopo, mukankhe kuchokera kuseri ndi chigamba kapena thabwa, kenako muthire madzi ozizira musanasiye. Ngati yang'ambika, itsukeni ndi sopo, muboole kabowo kamodzi kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, mulumikize milomo yake bwino ndi kupala kamsewu m'mbali ya kuseri. Dulani timizere ta bampala ina yakutha ya PP yomweyo, musungunulire mu kamsewuko ndi chitsulo chowotcherera ngati cha okonza mawailesi. Kusungunuke mbali zonse ziwiri pamodzi ndi kamzereko, osati kungomata pamwamba. Kuti palimbe, miziranimo kachidutswa ka sefa wachitsulo pulasitiki idakali yofewa. Ikayamba kuda ndi kufuka utsi, moto wachuluka. Gwirani ntchitoyi panja, utsiwo si wabwino m'chifuwa. Kunja salazani ndi sandipepa, ndipo wopenta ayambe wapaka primer ya pulasitiki, apo ayi penti idzasupuka.

Wina anena kuti yokonza siingafane ndi yatsopano. Nthawi zina akunena zoona. Ngati zidutswa zikuluzikulu zidatsala pamsewu, timakutu tambiri tathothoka, kapena pulasitiki yauma ndi dzuwa moti ikuthetheka mukaipinda, gulani ina. Chitsulo cha kuseri chikapindika kwambiri, chisintheni; chimenecho ndiye chimateteza galimoto, ndipo si pofunika kuumira. Koma mng'alu umodzi kapena iwiri, kowotcherera bwino kuchokera m'kati, ndi ntchito ya maola ochepa, ndipo galimoto imabwerera pamzere tsiku lomwelo.

Apa palinso msika umene sitinautole. Anyamata amene amamata ndowa ndi mabeseni ndi chitsulo chamoto pa tsiku la msika ali kale ndi theka la lusoli. Chowatsalira ndi kudziwa kuti pulasitiki zimasiyana. Onani nambala ya m'katikati mwa chizindikiro cha ngodya zitatu: 5 ndi PP, pamene zigubu zambiri ndi 2, ndipo ziwirizi sizigwirana. Chomatira chabwino ndi bampala inzake, choncho zakutha zimene zangounjikana kuseri kwa magalaja ndi katundu, zitoleni. Inu a hardware, ikani timapini ta bampala pa shelefu. N'topepuka, sitiola, ndipo dalaivala aliyense amene wachotsa bampala amapeza tingapo tasowa kapena tathyoka. Pa siteji ya Mponela, ya Dowa Turn-off kapena pa boma la Ntchisi ogula simungawasowe.

Kwa inu eni galimoto, musanagwirizane mtengo ndi wokonza mufunseni mafunso atatu. Kodi muichotsa kapena mukonzera pomwepo? Mumatira ndi pulasitiki yanji? Muwotcherera kuseri kapena kunja kokha? Akayankha kuti achotsa, agwiritsa ntchito ya bampala ina ndipo ayambira kuseri, msiyireni ntchitoyo. Akatulutsa guluu ndi waya, lizani galimoto muzipita.