Pa Benga, chikugawa anthu ndi khungu kapena chilimira?

Usipa ukatsika m'boti pa Benga, m'boma la Nkhotakota, ndalama yake siigawidwa mofanana. Kawirikawiri amayamba achotsa ya mafuta, mwini chilimira ndi injini n'kutenga gawo lake payekha, ndipo alovi amene achezera pamadzi amagawana lotsalalo, ngakhale achuluke bwanji. Bwanayo ndi Mmalawi wakuda, alovinso ndi akuda. Nanga amene amati umphawi wathu ndi nkhani ya khungu akulakwa?

Ali ndi mfundo. Atsamunda anasanja chuma potsata mtundu: azungu anatenga minda ikuluikulu, amwenye anapatsidwa mpata wa masitolo, munthu wakuda anamusiyira khasu, msonkho ndi thangata, zomwe zinathandiza kuutsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915. Zipsera zake zilipobe. Fakitale ya shuga ya ku Dwangwa, m'boma lomweli, ndi ya Illovo, yomwe mwini wake wamkulu ndi Associated British Foods ya ku London, pomwe odula nzimbe ndi ana a m'midzi yathu. Mabanja amene anayamba kale malonda ali ndi nyumba ndi malo zoikira chikole ku banki. Mwana wa mlovi alibe. N'chifukwa chake lamulo la kagulidwe ka katundu m'boma la 2017 linati magawo 60 pa 100 aliwonse azipita kwa Amalawi akuda.

Koma ena, potsata Karl Marx ndi Friedrich Engels amene analemba za nkhaniyi mu 1848, amati mkangano weniweni uli pakati pa eni zida zopangira chuma ndi ogulitsa thukuta lawo. Mbiri yathu ikuwavomereza. Titalandira ufulu mu 1964, ma esiteti ambiri a fodya anagwera m'manja mwa a Kamuzu Banda, kampani yawo ya Press ndi akuluakulu a chipani cholamula. Mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ADMARC inkamugula mbewu zake motchipa. M'zaka za m'ma 1970 boma linachotsa amwenye m'madera akumidzi, koma wosauka sanalemere nazo: masitolo ambiri anangotsekedwa. Lero venda amene amakongoza mlimi ndalama m'miyezi ya njala, kuti adzabweze matumba a mpunga pokolola, ndi mnzake wopemphera naye limodzi. Katapila sayang'ana khungu.

Komabe chiphunzitso cha Marx sichikwana bwino padoko. Mwini chilimira nthawi zambiri ndi malume kapena mlamu wa mloviyo. Mwera ukavuta masiku angapo, ndi iye amagula ufa wa anyamata. Khoka likang'ambika kapena injini ikamira, ngongole ndi yake. Mayi amene akuchita ganyu m'munda wa wina lero, mawa akulemba waganyu m'munda wake wa chinangwa. Anthu otere n'kovuta kuwagawa m'magulu awiri odana.

Chooneka n'chakuti khungu ndilo linasankha amene anayamba kukhala ndi chuma, ndipo pamwamba likadali ndi mphamvu. Koma pansi, pomwe pali anthu ochuluka, chimene chikuweruza ndi umwini wa boti, malo ndi mpamba. Lamulo longosintha nkhope ya wopata kontirakiti ku Lilongwe silikweza gawo la mlovi ngakhale ndi tambala imodzi.

Boma ndi aphungu akafuna kuchepetsa kusiyanaku, ayambire pa zinthu zogwirika: ngongole ya chiwongoladzanja chochepa yoti magulu a alovi agule zida zawo, mosungira mpunga kuti mlimi asagulitse mothamangitsidwa ndi njala, ndiponso kalembera wa malo a makolo, monga malamulo a 2016 amanenera, kuti munda usalandidwe mwachinyengo. Ndondomeko yokweza Amalawi imene siifika kwa mlovi wa pa Benga ikungolemeretsa olemera kale.